Tizida Tokometsera Nyimbo pa Zoimbira Zapamwamba: Toyamba Kugula ndi Mmene Mungatiyesere

Munthu akangogula ampulifaya yabwino, masipika awiri apamwamba ndi galamafoni kapena choimbira ma CD, sipapita nthawi asanamve za tizida tina towonjezera timene amalonda amati timakometsa kamvekedwe ka nyimbo. Pali timiyendo ta mphira toika pansi pa masipika, zingwe zonenepa za mkuwa, zosefa magetsi, mafyuzi opaka golide, zopanira mbale za galamafoni, mpaka timatabwa tozungulira tongosanjika pamwamba pa ampulifaya. Tina mwa tizida timeneti timagwiradi ntchito, ndipo ntchitoyo imatheka kuiyeza, pamene tina timangotha ndalama popanda chosintha, ndipo mtengo wake sukuuzani kuti kachida kakutikakuti kali m'gulu liti. Chimene ndimalimbikitsa n'chakuti musagule kachida kalikonse musanatchule vuto limene mukufuna kuti kathetse, komanso kuti muyambe ndi mavuto aakulu. Vuto lalikulu koposa ndi chipinda, kenako kugwedezeka, kenako magetsi, ndipo zingwe zimabwera kumapeto, ngakhale kuti m'sitolo ndi zimene amathamangira kukuonetsani.

Chipinda ndi malo a masipika

Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi, ndipo akagunda khoma amabwerera n'kukumana ndi ena amene akungotuluka m'sipika, moti pena amaphatikizana n'kukula, pena amafafanizana n'kuzimirira. M'chipinda chotalika mamita 5, besi ya 34 Hz, ya 69 Hz ndi ya 103 Hz (Hz ndi chiwerengero cha mafunde a mawu pa sekondi imodzi) imamveka mopitirira muyezo pafupi ndi makoma, pamene pakati penipeni pa chipindacho ya 34 Hz ija imasowa ngati kuti masipika sakuitulutsa n'komwe. Kusiyana kotereku kumafika pa ma decibel (dB, muyezo wa kukwera kwa mawu) 10 kapena kuposa, pomwe kusiyana kwa zingwe ziwiri zabwinobwino nthawi zambiri sikufika ngakhale pa theka la decibel imodzi. Nyumba zambiri za kwathu zili ndi pansi pa simenti kapena pa matailosi, makoma a njerwa opaka pulasitala ndi mawindo aakulu, ndipo zonsezi zimabweza mawu pafupifupi onse amene afikapo.

N'chifukwa chake zida zoyamba kukhala nazo ndi tepi yoyezera ndi kalilole. Mtunda wa pakati pa masipika awiriwo ufanane ndi mtunda wochokera pa sipika iliyonse kufika pamutu panu mutakhala pampando, ndipo mamita 2 kapena 2.5 ndi poyambira pabwino. Kasipika kakang'ono kam'mwamba, kamene amisiri amakatcha twita, kalingane ndi makutu anu. Masipikawo atalikirane ndi khoma lakumbuyo kwawo ndi theka la mita kapena kuposa, makamaka ngati ali ndi bowo la besi kumbuyo, kenako muziwasuntha masentimita 5 pa nthawi imodzi, mukumvetsera nyimbo imodzimodzi, mpaka besi italeka kuphimba mawu a woimba. Apendeketseni pang'ono kuti ayang'ane kumene mwakhala, ndipo mudzadziwa kuti mwapeza malo ake woimbayo akamamveka ngati waima pakati penipeni pa masipikawo. Mukawapeza malowo ikani chizindikiro pansi ndi tepi yomata, chifukwa tsiku lokolopa m'nyumba masipika amasunthidwa, ndipo kuwabwezera mongoyerekeza ndi kuyambiranso ntchito yonse. Mpando usagunde khoma, usakhalenso pakati penipeni pa chipinda. Akatswiri ambiri amayamba ndi kuuika pa 38 peresenti ya kutalika kwa chipindacho kuchokera ku khoma lakutsogolo.

Kalilole uja ntchito yake ndi kupeza malo amene mawu amayamba kugunda. Khalani pampando wanu, mnzanu aziyendetsa kaliloleyo pakhoma la m'mbali molingana ndi makutu anu, ndipo paliponse pamene mwaona twita m'kalilolemo ndi pamene mawu amagunda n'kufika kukhutu lanu mochedwerapo pang'ono poyerekeza ndi ochokera m'sipika, zimene zimasokoneza malo amene chida choimbira chilichonse chikumvekera. Pamenepo ndi poika chomeza mawu. Chabwino ndi bokosi losaya la matabwa, la masentimita 60 m'lifupi ndi 120 m'litali, lodzaza ndi zinthu zonga thonje zimene omanga nyumba amayala kudenga potchinga kutentha, monga rock wool kapena fibreglass, zokhuthala masentimita 10. Likutidwe ndi nsalu yoti mukaiuzira ndi pakamwa mpweya uzidutsa. Kalipentala aliyense angathe kulipanga, koma podzaza valani magolovesi ndi chophimba kumphuno chifukwa zinthuzi zimayabwa.

Matileyi a mazira amene ena amamata pakhoma musataye nawo nthawi, popeza ndi opyapyala kwambiri ndiponso sachedwa kugwira moto. Funde la mawu a 100 Hz ndi lotalika mamita 3.4, choncho katoni kapena siponji ya masentimita 2 singaligwire. Imangomeza mawu opyapyala n'kusiya besi ikulirabe, ndiye chipinda chimamveka moipa kuposa kale. Besi imafuna zomeza mawu zokhuthala zoimika m'makona. Onjezerani kapeti yokhuthala pakati pa inu ndi masipika, makatani olemera pamawindo ndi shelefu ya mabuku kumbuyo kwanu, koma musaphimbe makoma onse, chifukwa chipinda chosabweza mawu ngakhale pang'ono chimachotsa moyo m'nyimbo. Amene akufuna kuona ndi maso zimene chipinda chikuchita agule maikolofoni yoyezera, monga UMIK-1 ya kampani ya miniDSP, n'kuigwiritsa ntchito ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa Room EQ Wizard. Mwa tizida tonse togula, ineyo ndimaona kuti aka ndi kamene kamabweza ndalama zake mwachangu, chifukwa kamasonyeza vuto lenileni musanagule china chilichonse.

Kugwedezeka

Pali njira ziwiri zosiyana zimene anthu amakonda kuzisokoneza. Timisomali tosongoka toika pansi pa masipika timalumikiza sipika ndi pansi kuti isatekeseke, pamene timiyendo ta mphira kapena ta masipuling'i timailekanitsa ndi pansi kuti kugwedezeka kusadutse. Pa simenti yoyala kapeti timisomali timathandiza, popeza timaboola kapetiyo n'kukaima pa cholimba; tipotokoleni kamodzikamodzi mpaka sipika italeka kutekeseka mukaikankha ndi chala pamwamba. Koma m'nyumba za pansi pa matabwa, monga zambiri za ku Britain kapena zipinda zam'mwamba, timisomali timapititsa besi m'matabwamo ndipo pansi ponse pamayamba kulira, ndiye pamenepo pofunika ndi timiyendo tolekanitsa, monga topangidwa ndi mphira wa Sorbothane kapena ta kampani ya ku Canada ya IsoAcoustics. Pogula onetsetsani kulemera kumene timiyendoto tinapangidwira, chifukwa mphira ukapanikizika mpaka kuphwatalala, kapena ukapanda kupanikizika mokwanira, sugwira ntchito yake.

Masipika aang'ono amafuna zoimikapo zolimba, osati shelefu yomwe pali zida zina. Ngati miyendo ya zoimikapozo ndi mapaipi achitsulo, igogodeni ndi chala: ikalira ngati belu, idzazeni ndi mchenga. Mchengawo uyambe wasefedwa ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma gwaa, chifukwa wonyowa umachititsa dzimbiri m'kati momwe simungaone. Pakati pa sipika ndi choimikapo ikani timibulu tinayi ta chomatira chofewa chotchedwa Blu Tack, kamodzi pa kona iliyonse, ndipo timeneti timatetezanso sipika kuti isagwe mwana akaigunda. Ampulifaya ya matiranzisita ndi zoimbira za digito sizivutika kwenikweni ndi kugwedezeka, choncho shelefu yolimba ndi mpata wa mpweya pamwamba pake ndi zokwanira. Ya mavalavu, timachubu tagalasi tokweza mawu, ndi imene imatha kutola kugwedezeka n'kukusandutsa mawu, ndipo valavu ikamalira mukagogoda shelefu, mphete za silikoni zopirira kutentha zimachepetsako vutolo, ngakhale kuti valavu yolira kwambiri imangofunika kusintha.

Galamafoni

Pa galamafoni m'pamene tizida totchipa timasintha zinthu momveka, chifukwa singano imawerenga timizere tating'ono kwambiri, ndipo mphamvu yotuluka m'katiriji, kachida konyamula singano kumapeto kwa mkono wa galamafoni, ndi yochepa zedi: pafupifupi ma millivolt 5 pa katiriji ya mtundu wa MM (moving magnet), ndi osafika 1 pa ambiri a mtundu wa MC (moving coil). Mphamvu imeneyi imachulukitsidwa ka 100 kapena ka 1,000 isanafike mu ampulifaya, ndipo cholakwika chilichonse chimachulukitsidwa nayo limodzi.

Yambani ndi levulo yaing'ono, muiike pamene mbale imakhala, mukonze miyendo mpaka kathovu kataima pakati mbali zonse. Kenako gulani kasikelo ka digito koyezera kulemera kwa singano, chifukwa manambala olembedwa pa cholemera cha kumbuyo kwa mkono sakhala olondola nthawi zonse. Wopanga katiriji aliyense amanena muyezo wake: Ortofon 2M Red imafuna magalamu 1.8, pamene Audio-Technica AT-VM95E imafuna 2.0. Ambiri amapeputsa singano poganiza kuti akuteteza mbale, koma singano yopepuka kwambiri imadumphadumpha m'mzere ndipo imawononga mbale kuposa yolemera moyenera. Chachitatu ndi kapepala kowongolera katiriji, kokhala ndi madontho awiri pamene singano iyenera kuima katiriji italunjika ndi mizere yojambulidwapo. Pa muyezo wodziwika wa Baerwald madonthowo ali pa mamilimita 66 ndi 120.9 kuchokera pakati pa mbale. Ntchitoyi imafuna kuwala kokwanira ndi kuleza mtima, koma phindu lake limamveka pa nyimbo zomaliza za mbale, pamene mawu a "s" amakonda kukanda m'khutu.

Kuti mudziwe ngati pokhala galamafoni pali bwino, zimitsani mota, tsitsani singano pa mbale yoima, kwezani voliyumu pang'onopang'ono, kenako gogodani shelefu ndi kuyenda m'chipindamo. Mukamva kugunda m'masipika, shelefu yokhomera pakhoma la njerwa imathetsa vutolo kuposa timiyendo todula. Bulashi ya carbon fibre yopukutira mbale musanaimbe ndi kabulashi ka singano ndi zofunika tsiku lililonse, makamaka m'miyezi ya fumbi. Chopanira mbale chimathandiza pa mbale zopindika pang'ono, koma cholemera kwambiri chimatopetsa galamafoni yokhala pa masipuling'i.

Magetsi

Pa nkhani ya magetsi, chitetezo chiyambe, kukometsa mawu kubwere pambuyo. Kumene magetsi amazimazima, choopsa chachikulu ndi nthawi imene akubwerera, choncho akangozima zimitsani ampulifaya pa soketi, ndipo muikepo kachida kotchinga mphamvu yopitirira muyezo kamene kamadikira kanthawi kasanalole magetsi kudutsa, konga kamene anthu amaika pa firiji, bola kakhale kokwanira mphamvu imene ampulifaya yanu imakoka. Zotchinga zimenezi zimatha mphamvu pang'onopang'ono zikamalandira mphamvu yopitirira muyezo mobwerezabwereza, ndiye sizikhala mpaka kalekale, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chingapirire mphenzi itagwa pafupi. Nyengo ya dzinja kukayamba kuchita ziphaliwali zulani mapulagi, pamodzi ndi waya wa mlongoti ndi wa intaneti ngati zalumikizidwa ku zoimbirazo.

Amene amagwiritsa ntchito sola kapena mabatire aonetsetse kuti invata yawo ndi ya pure sine wave. Zotchipa za modified sine wave zimaliritsa thiransifoma ya ampulifaya ndi kuitenthetsa, ndipo phokoso lake limatha kulowa m'masipika. Muzikumbukiranso kuti magetsi a ku Malawi ndi a 230 V pa 50 Hz, pamene a ku America ndi a 120 V pa 60 Hz. Thiransifoma yotsitsa mphamvu imakonza mavoti okha, moti galamafoni ya ku America imene mota yake imayendera 60 Hz imazungulira pafupifupi ka 28 pa mphindi m'malo mwa ka 33 ndi kagawo, ndipo nyimbo zonse zimamveka zokoka.

Mukamva kulira kosalekeza kwapansipansi, fufuzani kaye kumene kukuchokera. Ngati kukuchokera m'masipika, nthawi zambiri chifukwa chake ndi zida zolumikizidwa ku masoketi osiyana, kapena waya wa dishi wobwera ndi ethi yakeyake, ndiye kuti njira yotayira magetsi m'nthaka. Zulani zingwe chimodzichimodzi mpaka kulirako kutasiya, lumikizani zida zonse ku soketi imodzi, mangani kawaya ka ethi ka galamafoni pa kabawuti kake, ndipo ngati vuto lili pa waya wa dishi ikanipo kachida kolekanitsa ethi ya wayayo. Ngati kulirako kukuchokera m'bokosi la ampulifaya momwemo, kachida kotchedwa DC blocker kamathandiza nthawi zina. Chimene simuyenera kuchita ngakhale pang'ono ndi kudula waya wa ethi m'pulagi. Phokoso limatha ndithu, koma tsiku limene waya wamoto udzakhudze bokosi lachitsulo, magetsi adzadutsa mwa munthu woyamba kuligwira. Fyuzi nayonso isinthidwe ndi ya muyezo womwewo basi, ndipo pa mafyuzi odula opaka golide sindinaonepo umboni woyezedwa wosonyeza kuti amasintha mawu. Zosefa magetsi zimathandiza m'nyumba imene mumamveka "thi" m'masipika firiji ikamayaka, koma zina zimapanikiza ampulifaya yaikulu, choncho iyeseni ili m'chosefacho komanso ili pakhoma.

Zingwe ndi polumikizira

Pa zingwe za masipika chofunika ndi kunenepa kwa mkuwa poyerekeza ndi kutalika kwake. Waya wa mkuwa wa 2.5 mm² wotalika mamita 3 uli ndi ma ohm (muyezo wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa) pafupifupi 0.04 kupita ndi kubwerera, pamene muyezo umene amisiri ambiri amatsata ndi wakuti chingwe chisapitirire 5 peresenti ya ma ohm a sipika, kutanthauza 0.2 pa sipika ya ma ohm 4. Apa mukuona kuti waya wabwinobwino ukukwanira ndi mpata waukulu. Chenjerani ndi mawaya a aluminiyamu ongokutidwa ndi mkuwa, olembedwa kuti CCA, chifukwa sadutsitsa magetsi ngati mkuwa weniweni wonenepa mofanana. Chingwe chimene chimasinthadi mawu ndi chochokera ku galamafoni ya katiriji ya MM, ndipo chimenechi chikhale chachifupi, chotchingidwa bwino ndiponso chotalikirana ndi mawaya a magetsi. Pamene zikuyenera kudutsana, zipingasane, zisayende mogundizana. Ngati zida zanu zili ndi polumikizira pa mano atatu potchedwa XLR ndipo mtunda ndi wautali, gwiritsani ntchito pamenepo. Kamodzi pa chaka, makamaka mvula ikatha, zimitsani zonse, zulani zingwe, pukutani polumikizira ndi isopropyl alcohol kapena mankhwala onga DeoxIT, ndipo mumangenso mwamphamvu. Kawirikawiri munthu akamva kusintha ataika chingwe chatsopano, chimene chasintha ndi litsiro lomwe lachoka pozula chakalecho.

Pali gulu lina la tizida timene palibe kufotokoza komveka kwa mmene tingasinthire mawu. Cha m'ma 1990 kunatchuka cholembera chobiriwira chopaka m'mphepete mwa CD, ngakhale kuti CD imasunga manambala ndipo choimbira chimakonza chokha zolakwika powerenga. Kampani ya Shun Mook imagulitsa timatabwa tozungulira totchedwa Mpingo Disc, tosanjika pa zida ndi pamakoma. Dzinali likuchokera ku mtengo wa phingo. Mtengowu, womwe umamera kuno kwathu, ndi wamtengo wapatali popanga zitoliro monga clarinet ndi oboe chifukwa ndi wolimba, wolemera ndiponso umasemeka bwino, koma zimenezi sizisonyeza kuti kachidutswa kake kangasinthe zotuluka mu ampulifaya. Sindikunena kuti amene amamva kusintha akunama. Amamvadi, koma funso ndi lakuti kusinthako kwachitikira m'chipinda kapena m'maganizo, ndipo funsoli lili ndi njira yoliyankhira.

Kayesedwe kake

Mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive, akatswiri a kampani ya Harman, anasonyeza kuti anthu omwewo amapereka mapointi osiyana kwa masipika omwewo akamawaona ndi pamene abisidwa kuseri kwa nsalu, ndipo ngakhale odziwa kumvetsera sanapulumuke ku zimenezi. Maso ndi mtengo wogulira zimalowerera pa zimene khutu likumva, choncho poyesa kachida pamafunika kuzitsekera kunja.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo sankhani nyimbo zitatu kapena zinayi zimene mumazidziwa bwino: ya mawu a munthu, ya besi yomveka, ndi ya zida zambiri zoimbira pamodzi. Chofunika koposa ndi kufananitsa voliyumu, chifukwa chimene chakwera pang'ono, ngakhale ndi theka la decibel, chimamveka ngati chabwinopo, osati ngati chokwera. Imbani kamvekedwe koyesera ka 1 kHz motsitsa, yezani mavoti kumbuyo kwa sipika ndi kachida koyezera magetsi kotchedwa multimeter, ndipo onetsetsani kuti mbali ziwiri zimene mukuyerekezazo sizikusiyana kuposa 1 peresenti, yomwe ndi pafupifupi 0.1 dB. Khutu limasunga tsatanetsatane wa mawu kwa masekondi ochepa okha, ndiye bwerezani kachigawo kafupi ka nyimbo ndipo kusinthako kuchitike mwachangu mmene kungathekere.

Kenako pemphani mnzanu kuti aziika kapena kuchotsa kachidako inu musakuona. Aponye ndalama yachitsulo kuti asankhe chochita ulendo uliwonse, alembe papepala, ndipo asalankhule kapena kuima pamene mungaone nkhope yake. Ngakhale ulendo umene sakusintha kanthu azule ndi kubwezera, kuti nthawi ndi phokoso la manja ake zisakuuzeni yankho. Inu lembani zimene mukuganiza kuti zaikidwa, mupume mukatopa, ndipo muyerekeze mapepala awiriwo pamapeto pa maulendo 16. Mukalondola ka 12 kapena kuposa, mpata woti mwangolota ndi wochepera 5 peresenti, ndipo mungathe kunena kuti kusinthako kulipo, kenako n'kumvetsera kwa masiku angapo kuti muone ngati mukukukonda. Mukalondola ka 8 kapena ka 9, ndi chimodzimodzi kuponya ndalama kuja. Pa chifukwa chimenechi, musanalipire kachida kodula gwirizanani ndi wogulitsa kuti mukhoza kukabweza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mgwirizanowo ulembedwe pa lisiti.